Mphunzitsi ndi Thukuta Lake Losaoneka

Ndikupempha kuti mutchere khutu modekha, pakuti mlandu umene ndabwera nawo si wa munthu mmodzi, ndipo oweruza ake si alendo ayi, koma ndife tomwe, amene timauzenga tsiku ndi tsiku pabawo, kuchigayo, pamjigo ndi m'minibasi yochoka ku Chamama kupita kuboma, osamuitana konse woimbidwa mlanduyo kuti adzadziyankhire.

Timati ntchito ya mphunzitsi ndi yopepuka, pakuti dzuwa likangopendeka iye waweruka. Timati amadya tchuthi katatu pachaka pamene namwino, wapolisi ndi mlimi sadziwa kupuma. Timati malipiro ake amabwera kaya mvula yagwa kaya yakana. Ndipo ena, amene lilime lawo ndi lakuthwa koposa, amati uphunzitsi ndi khomo lolowera anthu amene makomo ena onse awatsekekera. Akadandaula, timamutonthoza kuti mphoto yake akailandira kumwamba, mawu amene kwa ine ndi owawa kuposa chipongwe chenicheni, chifukwa amavomereza kuti munthuyo akulakwiridwa, nakana kuchitapo kanthu.

Pa anthu onse a m'dziko lino, ife a ku Kasungu ndife osayenera kuweruza motero. Mlendo atafika pamsika wa Chinkhoma m'mwezi wa Meyi, naona mlimi ataima pambali pa mabelo ake, ogula akudutsa mofulumira m'mizere, akhoza kubwerera kwawo nakanena kuti ulimi wa fodya ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma inu amene mudathirira nazale m'dzuwa la Okutobala, mudawokera mvula ili pamsana, mudabandira, mudathena manja atada ndi phula, mudathyola, mudasoka ndi kupachika pamikangala m'chigafa, mudachezera pakhomo pa balani kusonkhezera moto kuti tsamba lisaonongeke, mudasankha ndi kudinda kufikira msana utauma, mungamuuze mlendoyo kuti chimene waona ndi tsiku limodzi la ntchito ya miyezi yambiri. Momwemonso maola amene mphunzitsi amaima pabolodi ndi choko m'manja ndiwo okha amaoneka kwa wodutsa pamsewu, ndipo otsalawo ndiwo ndikufuna kuti tiwawerenge pamodzi lero.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala ndi kutha mu Julayi, ndipo materemu ake atatu amakwana masabata pafupifupi 40. Teremu isanatsegulidwe, mphunzitsi amakhala pansi ndi silabasi nalemba masikimu, kugawa mitu ya maphunziro sabata ndi sabata. Ndipo popeza wa pulayimale sadzisankhira phunziro limodzi kapena awiri monga mnzake wa sekondale, koma amasenza Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi, ulimi, zaluso ndi zachipembedzo monga mwa kalasi yake, masikimuwo amakhala mulu ndithu. Madzulo aliwonse amalemba lesoni pulani ya mawa, phunziro lililonse yakeyake, imene ahedi ayenera kuiona, ndipo mlangizi wa zoni, amene tonse timangomutchula kuti PEA, akatulukira pa njinga yake yamoto, chinthu choyamba kuitanitsa ndi chomwecho. Kumene magetsi sadafike, ndiko kunena midzi yochuluka ya boma lino, zonsezi zimalembedwa pa kuwala kwa tochi kapena kasola kakang'ono, ana ake atagona. Ndipo popeza mabuku ndi zipangizo n'zoperewera, mphunzitsi yemweyo amatola zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi makatoni, kuti mwana wa Sitandade 1 agwire ndi dzanja lake chimene akuwerenga.

Tsopano tiyeni tiwerenge masamu amene mwana wa Sitandade 5 angathe kuwerenga. Boma lidaika muyeso wakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, chiwerengero chimene pachokha ndi katundu wolemera. Koma ndani mwa inu sadaonepo kalasi ya ana oposa 100, ena m'chipinda chopanda madesiki, ena pansi pa mtengo, bolodi litatsamira thunthu? Ana 100 amenewo akalemba ntchito imodzi yokha, ndipo mphunzitsi akatha mphindi 2 pa kope lililonse, kuliwerenga, kulichonga ndi kulembamo chowongolera, zapita mphindi 200, ndiwo maola 3 ndi mphindi 20, pa phunziro limodzi la tsiku limodzi. Iye ali ndi maphunziro angapo patsiku. Chotero ayenera kusankha chimodzi mwa zowawa ziwiri: kusenza makope pamutu kapena panjinga kukawachongera kunyumba kufikira usiku, kapena kuchonga ochepa okha, podziwa kuti pakati pa otsalawo pali mwana amene akulemba zilembo chozondoka ndipo palibe adzamuone. Aphunzitsi achikumbumtima amachita zonse ziwiri mosinthasintha, ndipo palibe chimene chimawapatsa mtendere.

Koma pali katundu wina amene mphunzitsi wa m'zigwa za fodya amasenza, amene mnzake wa mumzinda samudziwa, ndipo pano ndikufuna kuimapo pang'ono. Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya fodya zimalimbirana mwana mmodzi. Teremu yachiwiri, imene imayamba mu Januwale, imagwa pa nyengo yothyola ndi kusoka, imenenso ili nyengo imene nkhokwe zapepuka ndipo mwana amabwera kusukulu m'mimba muli zii. Teremu yachitatu imagwa pa nyengo yosankha ndi kudinda, ndipo mayeso a Sitandade 8, amene zaka zambiri amalembedwa mu Meyi, amafika msika utangotsegulidwa kumene. Mphunzitsi akatsegula rejisitala m'miyezi imeneyi, mayina ambiri sayankhidwa. Mwana wajomba masabata awiri, wabwera masiku atatu, wasowanso. Wina wafika koma akuodzera, mutu ukumuwawa ndipo akuchita nseru, chifukwa ululu wa tsamba lonyowa umalowa m'thupi kudzera pakhungu. Ana a matenanti, amene makolo awo adachokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe kapena ku Machinga, amafika pakati pa chaka ndi kuchoka pakati pa chaka, monga momwe esiteti yalandirira kapena kumasula makolo awo. Ena amalankhula Chiyao kunyumba, pamene kumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma, ambiri amayamba sukulu akudziwa Chitumbuka. Onsewa mphunzitsi ayenera kuwafikitsa pa mutu umodzi wa silabasi, kubwereza chimene adaphunzitsa kale chifukwa cha obwera mochedwa, osawatopetsa amene sadajombe; ndipo ataweruka, kawirikawiri ndi iye amene amayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi amayi a gulu la pasukulu kukafunsa chimene chamugwira mwana.

Nkhani ya ana ogwira ntchito m'minda ya fodya idamveka kufikira kutsidya kwa nyanja zamchere, pakuti mu Novembala 2019 dziko la America lidayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha ntchito za ana ndi zokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Lamulo lilipo; koma amene amadziwa ngati lafika m'chigafa ndi mphunzitsi amene amaitana mayina m'mawa. Ndipo zotsatira za mayeso zikatuluka zosakondweretsa, ife amene tidabwereka mwanayo kwa miyezi itatu ndife oyamba kunena kuti pasukulupo palibe aphunzitsi. Akulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

Za tchuthi sindikana. Mphunzitsi amapumadi masabata ena amene antchito ena sapuma, ndipo sikungakhale kuona kunena kuti tsiku lililonse la holide amalithera pa ntchito ya sukulu. Koma masiku otsekera amawathera pochonga mayeso ndi kulemba malipoti a mwana aliyense, masiku oyandikira kutsegulira amawathera pa masikimu, ndipo pakati pake amaitanidwa ku TDC, malo osonkhanira aphunzitsi a m'zoni, kukaphunzira kaphunzitsidwe katsopano, monga zidachitika pamene ndondomeko ya dziko lonse ya kuwerenga idayamba mu 2016. Wa Sitandade 8 ndiye nthawi zambiri saiona konse holide ya Epulo, pakuti amaithera ndi ana ake kukonzekera mayeso. Sindikananso kuti alipo aphunzitsi aulesi, oledzera, ofika dzuwa litakwera, ndi ena amene adadetsa dzina la ntchito yawo poononga ana aakazi amene adaikizidwa m'manja mwawo. Oterewa ayenera kudzudzulidwa poyera, ndipo olakwira ana ayenera kukaonekera pamaso pa lamulo. Koma mudzi wanzeru suweruza alimi ake onse poona munda umodzi wosapalira.

Sizidali chomwechi kuyambira kale, ndipo nthaka ino ndi mboni. Pamene mishoni ya Livingstonia idatsegula malo ake ku Kasungu mu 1900 pansi pa Dr George Prentice, malo amene pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1920, adaperekedwa kwa amishoni a ku Nkhoma, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi ndiye adali nyali ya dera lonse: ankatsogolera mapemphero, ankawerengera amayi makalata ochokera kwa amuna awo ku Halale ndi ku Joni nawalembera mayankho, ndipo pabwalo mawu ake ankamveka pafupi ndi a mfumu. Hanock Msokera Phiri, mwana wa kuno, adaphunzira ku Khondowe, nakhala mphunzitsi, ndipo atayenda kummwera adabwerera kudzatsegula sukulu za mpingo wa AME. Ndipo mwana wa mlongo wake, Kamuzu Banda, amene adayamba sukulu ku Mtunthama napitiriza ku Chilanga, adauyamba ulendo wake wapansi wa kummwera cha m'ma 1915 atachotsedwa m'chipinda cha mayeso a njira yomweyo ya uphunzitsi, pakuti masiku amenewo ndiwo udali msinkhu wapamwamba umene mnyamata wanzeru ankaulakalaka. Samuel Josia Nthara, amene buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933, adalinso mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Komabe tisadzinyenge kuti masikuwo adali a mkaka ndi uchi: malipiro adali mashilingi owerengeka, ndipo aphunzitsi ambiri adasiya choko napita kukafuna ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa. Ulemu wawo sunkachokera m'thumba, koma m'kusowa kwa anthu odziwa kulemba. Ndipo chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi atagwira ntchito yawo bwino kufikira odziwa kulemba atachuluka, ophunzitsidwawo ndiwo adayamba kuwapeputsa.

Kupeputsako kudathandizidwanso ndi zochita za akuluakulu. Sukulu yokongola koposa imene idamangidwa m'boma lino, Kamuzu Academy, imene idatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, kwa zaka zambiri idalemba aphunzitsi ochokera kunja okhaokha, ndipo ngakhale sindichepetsa ubwino wa maphunziro ake, uthenga umene udafika kwa anthu udali wakuti mphunzitsi wa Chimalawi sayenera malo aulemu. Mu 1989 kudatuluka lamulo lakuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa kuchigawo chakwawo, ndipo ambiri ochokera kumpoto adanyamula katundu wawo nasiya sukulu zimene adazitumikira zaka zambiri. Munthu amene angazulidwe motero ndi mawu amodzi, mudzi umaphunzira kumuona ngati wopanda mizu.

Koma chimene chidasintha nkhope ya ntchito imeneyi koposa zonse ndi chaka cha 1994. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chinthu cholungama chimene palibe kholo losauka lingachinyoze, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndipo popeza mphunzitsi saphuka usiku umodzi, boma lidalemba anyamata ndi atsikana pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, ambiri a iwo okhala ndi satifiketi ya JC yokha, nawapatsa malangizo a masabata osakwana atatu, nawaimika pamaso pa makamu a ana. Maphunziro awo enieni adadza pambuyo, kudzera m'ndondomeko ya MIITEP imene idayamba mu 1997, miyezi yochepa kukoleji ndi yotsalayo ali pantchito. Apa ndi pamene padabadwira mawu aja akuti aliyense angathe kuphunzitsa, pakuti anthu adaona mnyamata amene dzulo ankasewera naye mpira, lero akutchedwa aphunzitsi. Koma ndikufunsani, akulu anga, cholakwa chidali cha yani? Anyamata ndi atsikana aja sadadziitane. Adaitanidwa pa tsiku la kusowa, adauzidwa kuumba njerwa popanda udzu monga ana a Israeli m'dziko la ukapolo, ndipo ambiri a iwo adapirira, adadziphunzitsa okha usiku, nakalambira m'kalasi. Madokotala, manesi ndi aphunzitsi ambiri a lero adaphunzira a, e, i, o, u m'manja mwawo.

Lero khomo lija si lotseguka monga kale. Kuyambira mu 2005, pansi pa ndondomeko ya IPTE, wofuna uphunzitsi wa pulayimale ayenera kukhala ndi MSCE yabwino, kupikisana ndi anzake ochuluka kuposa malo, ndi kutha zaka ziwiri, gawo lina m'koleji monga yathu ya Kasungu TTC, gawo lina pasukulu yakumudzi akuphunzitsa moyang'aniridwa. Amaphunzira mmene mwana amagwirira liwu ndi chilembo, mmene angayesere ngati phunziro lalowa, ndi mmene angasungire mtendere pakati pa ana ochuluka popanda chikoti. Tsono atamaliza zonsezi, chimene chimamudikira nthawi zambiri si kalasi koma kudikira komwe, pakuti magulu athunthu a omaliza maphunzirowa akhala kunyumba zaka ziwiri kapena kuposa boma lisanawalembe, ena akuyendetsa kabaza, ena akugulitsa mayunitsi, ena akugwira ngati aphunzitsi othandizira pa ndalama yochepa ndi pangano la kanthawi. Taonani tsono: m'mudzi umodzi womwewo muli kalasi ya ana 120 yokhala ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo kuseri kwa sukuluyo kuli mtsikana wa satifiketi ya uphunzitsi akupalira chimanga cha amayi ake.

Za malipiro ndinena mwachidule, pakuti aphunzitsi ali pano ndipo peyisilipi amaidziwa kuposa ine. Nzoona kuti amalandira mwezi ndi mwezi, ndipo mlimi amene amalandira kamodzi pachaka ali ndi chifukwa chosirira. Koma mlimi ndi wamalonda, mitengo ikakwera, amakwezako pang'ono chimene akugulitsa, mphunzitsi sangathe. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza, sopo, shuga ndi thiransipoti udathamanga, malipiro akukwawa pambuyo. Alawansi ya aphunzitsi akumidzi, imene idayamba mu 2010 pa K5,000 pamwezi, idali nzeru yabwino, koma ndalama yosakwezedwa pa nthawi yake imasungunuka. Ambiri akhala pa giredi imodzi zaka zoposa khumi osakwezedwa. Ambiri alibe nyumba pasukulu, nachita lendi kutali, napalasa njinga m'matope a Febuluwale. Ndipo mwezi usanafike pakati, akatapila ndi mabungwe obwereketsa ndalama amakhala atadula kale gawo lawo. Mukaona mphunzitsi akukazinga mandasi, akuphunzitsa patitaimu madzulo, kapena akulima fodya wakewake kuseri kwa nyumba, musathamangire kunena kuti ali ndi nthawi yochuluka. Funsani chimene chamutuma.

Chifukwa chake pamene bungwe la aphunzitsi la TUM lidatsogolera kunyanyala ntchito mu Juni 2017, nkhani yake sidali kupempha chuma chatsopano ayi, koma ndalama zawo za tchuthi zimene zidachedwa kuperekedwa. Ndipo kumayambiriro kwa 2021, mliri wa Covid-19 uli pakati pathu, adanyanyalanso pofuna alawansi ya chiopsezo. Tingathe kutsutsana ngati njirayo idali yabwino, pakuti amene amavutika pa sitalaka ndi mwana wa mphawi, ndipo mtima wanga umawawa pa zimenezo. Koma miyezi imene sukulu zidatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi 2020 idatiphunzitsa chimene sitidafune kuchidziwa: atsikana ambiri adatenga mimba ndi kulowa m'mabanja, anyamata adalowa m'maganyu osabwereranso, ndipo makolo amene ankati kuphunzitsa n'kosavuta adalephera kukhazika pansi ana awo atatu kwa ola limodzi.

Dziko lonse lapansi likudziwa dzina la William Kamkwamba wa kwa Wimbe, mnyamata amene adasiya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Timanyadira kuti adadziphunzitsa yekha, ndipo nzoona. Koma mabuku amene adamutsegula maso adawabwereka m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, kamene mphunzitsi ankakayang'anira pamwamba pa ntchito yake ya m'kalasi, ndipo zilembo zimene adawerengera mabukuwo adaziphunzira kwa aphunzitsi a pulayimale amene mayina awo sadzalembedwa m'nyuzipepala iliyonse.

Tsono ndikupemphani, inu mafumu athu, amene mawu anu amafika kumene lamulo la ku Lilongwe silifika, kuti muike chilango chomveka kwa kholo kapena mwini esiteti wosunga mwana m'chigafa pa tsiku la sukulu, makamaka kuyambira Januwale kufikira Meyi, ndipo chilangocho chisaope nkhope ya wolemera. Inu makolo, mwana akabwera ndi kope, litsegulenitu, ngakhale simudziwa kuwerenga, muone ngati muli inki yofiira, ndipo ngati mulibe, pitani mukafunse mwaulemu kuti m'kalasimo muli ana angati, musanayambe kunyoza pamjigo. Inu aphunzitsi, abale anga, musabise mnzanu wochita zoipa, pakuti manyazi ake amagwera nonse. Ndipo inu a makomiti, chilimwe chino, fodya atatha ndi manja atamasuka, umbani njerwa za nyumba ya mphunzitsi musanaumbe za china chilichonse, pakuti sukulu zakutali zimasowa aphunzitsi, makamaka aakazi, chifukwa chosowa pogona. Ndipo pa msonkhano wanu wotsatira lembani papepala chiwerengero cha ana a m'rejisitala, cha aphunzitsi amene alipo ndi cha nyumba zawo, musindikizepo chidindo cha amfumu, mupite nalo kwa khansala ndi kwa phungu wanu, mukawafunse kuti omaliza maphunziro ku Kasungu TTC amene akhala m'midzi mwathu adzalembedwa liti.